Nkhama Zikamatuluka Magazi

Amayi, m'sewero lija mwamva za mayi amene dzino lake linayamba kugwedera pomwe linalibe chibowo. Anzake anati ndi mimba yadya dzinolo. Ayi, si mimba. Ndi matenda a chiseyeye.

Inu a ku Chambe mumaidziwa mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula. Madzi akakokolola dothi, mtengo umagwa masamba ake ali obiriwira. Dzino nalonso limazikika m'fupa la nsagwada. Litsiro likakhalitsa m'mphepete mwa nkhama limauma ngati mwala, ndipo tizilombo timaswana mmenemo. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi mukamatsuka kapena kudya nzimbe, m'kamwa mumanunkha. Kenaka fupa lija limayamba kudyeka. Choipa chake n'chakuti kawirikawiri sizipweteka, choncho munthu amangozengereza.

Fupa silioneka ndi maso. Dokotala wa mano amayamba wayeza ndi kachitsulo pakati pa dzino ndi nkhama. Akapeza kuti mpata wapitirira mamilimita 3, angathe kukujambulani ekisire. Chithunzicho chimaonetsa pamene fupa lafika, dzino lisanayambe kugwedera. Fupa likatha nthawi zambiri silimeranso, koma akachotsa litsiro louma lija msanga, lotsalalo limapulumuka.

Ena amaopa kuti makina ojambula amayamwa magazi. Limenelo ndi bodza. Kujambula dzino n'kwa kanthawi kochepa, sikupweteka, ndipo mphamvu yake ndi yaing'ono. Komabe ngati muli oyembekezera, nenani asanakujambuleni, adokotala aone okha ngati n'kofunika tsopano kapena kudikira.

N'zoona kuti nkhama zimatupa msanga pa nthawi ya mimba. Musaleke kutsuka poona magazi, chifukwa mukaleka ndiye matendawo amakula. Tsukani m'mawa ndi pokagona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano. Mchenga ndi makala zimapala mano. Odwala matenda a shuga, osuta fodya ndi oika fodya m'kamwa, fupa lawo limatha mofulumira kuposa anzawo.

Mukabwera ku sikelo ya mwana kapena ya mimba pa chipatala cha Chambe, auzeni anamwino za magaziwo, musachite manyazi. Funsani kalata yopita nayo kwa a mano ku chipatala cha boma ku Mulanje. Pakafunika zoposa pamenepo, iwo angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musaiwale kutenga buku lanu la kuchipatala.