Namwino ndi Wodwala Wosakhazikika Mtima

M'zipatala za matenda a maganizo mumagonekedwa odwala ena amene madokotala amati ali ndi borderline personality disorder. Mtima wawo sukhazikika. M'mawa amkonda namwino, madzulo amuda. Amaopa kwambiri kusiyidwa okha, ndipo ena amadzicheka kapena kuyesa kudzipha. Namwino wosaphunzitsidwa amangoti, "Akuchitira dala ameneyu," namtaya pa nthawi imene akusowa thandizo.

M'chaka cha 1993, Marsha Linehan wa ku Seattle anatulutsa buku lofotokoza chithandizo chotchedwa DBT. Mfundo yake ndi iyi: vomerani kuti ululu wa wodwalayo ndi weniweni, kenaka mumphunzitse kuugwira mtima. Anamwino a m'wodi imodzi aphunzitsidwenso kulankhula chimodzi, pakuti malamulo akamasinthasintha, mantha a wodwala amakula.