Musanagule Nyumba Yakale

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza makamaka achinyamata amene angoloŵa kumene m'banja, ndiponso aliyense amene watopa ndi kulipira lendi mwezi ndi mwezi ndipo akulakalaka kukhala ndi khomo lakelake. Ambiri mwa anthu otere akamva mitengo ya nyumba zatsopano amagwa mphwayi, ndipo maso awo amatembenukira ku nyumba zakale zimene zidasiya kusamalidwa, zija za makonde aakulu, makoma ochindikala ndi malata a dzimbiri, zimene mtengo wake umaoneka wotsika. Tsono funso ndi lakuti: kodi munthu amene ndalama zake n'zoŵerengeka achite chiyani kuti nyumba yotere imupatse mtendere, m'malo momudyera chuma chonse chimene wakhala akusunga kwa zaka zambiri?

Tiyambe ndi kunena kuti ukalamba wa nyumba pawokha si chilema. Ku Blantyre kuli nyumba ya Mandala imene kampani ya African Lakes idamanga m'chaka cha 1882, ndipo mpaka lero ili chiimire. Ku Zomba kuli nyumba imene idamangidwa m'chaka cha 1886 kuti muzikhala kazembe wa ku Britain, imene pambuyo pake idasanduka hotela ya Masongola. Ku Livingstonia kuli Stone House, nyumba ya miyala ya m'chaka cha 1903 m'mene ankakhalamo Dr. Robert Laws. Nyumba zimenezi n'zotchuka ndipo sizili pa msika, koma zili ndi abale ake ang'onoang'ono ambiri: nyumba za akuluakulu a boma m'mphepete mwa phiri la Zomba, kumene kudali likulu la dziko mpaka m'chaka cha 1975, nyumba za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, nyumba za amishoni ndi za anthu a njanji ku Limbe. Palinso nyumba zimene bungwe la Malaŵi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, lidamanga m'madera monga Kanjedza ndi Nkolokosa, zimene nazonso tsopano zakula.

Amisiri akale adali ndi nzeru zimene tiyenera kuzilemekeza. Ankamanga makoma ochindikala ndi denga lotalikira m'mwamba kuti m'nyumba muzizizira bwino m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Khonde lozungulira nyumba linkateteza khoma ku dzuŵa ndi ku mvula yowomba cham'mbali. Zitseko, mafelemu ndi mitengo ya denga kaŵirikaŵiri zinkakhala za mlombwa, mbaŵa kapena mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira uja umene chiswe chimaudana. Mkungudza udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, koma udadulidwa mosasamala kotero kuti lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Munthu amene wapeza matabwa ake m'nyumba yakale wapeza chinthu chimene sangachigulenso pa msika.

Komabe akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali zinthu ziŵiri zimene zimagwetsa munthu wogula nyumba yakale, ndipo zonse ziŵiri sizioneka ukaima pa msewu: choyamba ndi mapepala, chachiŵiri ndi madzi.

Tiyambe ndi mapepala. Nyumba ikafika poguga, nthaŵi zambiri pamakhala chifukwa. Mwina mwini wake adamwalira ndipo ana ake sakugwirizana. Mwina nyumbayo idaperekedwa ngati chikole cha ngongole ku banki. Mwinanso ili ndi ngongole ya msonkho wa malo ku khonsolo imene yakhala ikuunjikana kwa zaka. Munthu amene akukuonetsani nyumba ndipo ali ndi makiyi m'manja sindiye kuti ali ndi mphamvu yoigulitsa. Musanapereke ngakhale tambala imodzi, pitani ku ofesi ya kaundula wa malo ya Unduna wa za Malo mukafufuze dzina limene lidalembedwa pa malowo, ndiponso ngati pali ngongole kapena chiletso chilichonse. Ngati mwini wake adamwalira, lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo amene angagulitse nyumbayo ndi yekhayo amene ali ndi chikalata chochokera ku bwalo la milandu chomulola kuyendetsa chuma cha malemu. Mukagula kwa mwana mmodzi mwamseri, maŵa mudzadzuka abale ake ali pa khomo, ndipo mlandu wotere ukhoza kutenga zaka zambiri usanathe.

Onaninso zaka za lizi. Malo ambiri a m'mizinda boma limabwereketsa kwa zaka 99. Ngati lizi idayamba m'chaka cha 1955, ndiye kuti idzatha m'chaka cha 2054, ana anu akadali ndi mphamvu zawo. Dziŵani zimenezi musanagwirizane za mtengo, ndipo funsani njira yowonjezerera zakazo. Kusintha dzina pa malo a lizi kumafuna chilolezo cha Unduna, ndiponso zikalata zosonyeza kuti misonkho yonse idalipidwa. Funsaninso ku ESCOM ndi ku bungwe la madzi ngati nyumbayo ilibe ngongole. Ndalama yolipira loya imaŵaŵa pa tsiku loitulutsa, koma n'yochepa poyerekeza ndi kuluza nyumba yonse. Paja safunsa adadya phula.

Tsopano tibwere ku madzi. Nyumba yakale siphedwa ndi zaka, imaphedwa ndi madzi amene apeza njira yoloŵera. N'chifukwa chake nthaŵi yabwino yoyendera nyumba imene mukufuna kugula ndi mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. M'chilimwe nyumba iliyonse imaoneka youma, ndipo wogulitsa wochenjera amapaka penti yatsopano kuti abise zipsera. Pitani mvula ikugwa, muone kumene madzi a padenga akugwera, muone ngati ngalande zikuwachotsa kapena akudikha m'munsi mwa khoma. Mukaloŵa m'kati, gwiritsani ntchito mphuno: fungo la chinyontho silinama. Gundani khoma chakumunsi. Ngati pulasitala akulira ngati ng'oma kapena akuyoyoka ngati ufa, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera pansi.

Musapite nokha. Tengani mmisiri wodziŵa ntchito yake, amene sali pa ubale ndi wogulitsa, ndipo mumulipire kuti akwere m'siling'i ndi tochi. Abaye mitengo ya denga ndi msomali kapena mpeni. Mtengo umene chiswe chadya umaoneka wabwino kunja koma m'kati muli mphako. Ayang'anenso timizere ta dothi tokwera m'khoma, popeza timeneti ndiye misewu ya chiswe, ndipo azungulire bwalo kuona ngati pali chulu kapena zitsa zoola pafupi ndi nyumba.

Ming'alu nayo ili ndi chilankhulo chake. Mng'alu wowonda ngati tsitsi umene uli pa pulasitala pokha suopsa. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati makwerero, wotambalala kumwamba kuposa kumunsi, kapena woonekera kunja ndi m'kati momwe, ukunena kuti maziko asuntha. Chitseko chimene chasiya kutsekeka bwino chikhoza kukhala chikunena zomwezo. Kumbukirani kuti dziko lathu lili m'dera la zivomezi: anthu a ku Salima adaona chivomezi m'chaka cha 1989, ndipo a ku Karonga adaona nyumba zikugwa mu Disembala 2009. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, adatiphunzitsa kuti nyumba ya m'mphepete mwa phiri iyenera kuyang'anidwa pamodzi ndi mtunda umene uli kumbuyo kwake. Denga limakonzeka, mipope imasinthika, koma nyumba ya maziko osuntha kapena yokhala pa njira ya madzi ndi bwino kuisiya, ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Tinene kuti mapepala ali bwino, maziko ndi olimba, ndipo mwagula. Apa ndi pamene ambiri amasokera, chifukwa mtima umathamangira zimene alendo adzaone: matailosi, penti ndi makatani. Ntchito yokonza nyumba yakale imatsata njira ya madzi, kuyambira kumwamba kutsikira pansi. Choyamba ndi denga: sinthani mitengo yodyeka ndi malata obooka. Chachiŵiri ndi ngalande ndi dothi lozungulira nyumba, kuti madzi aziyenderera kutali ndi khoma. Chachitatu ndi kuthana ndi chiswe. Chachinayi ndi mawaya a magetsi, mipope ndi dzenje la zonyansa. Mawaya akale amauma n'kuyamba kusweka, ndipo akhoza kuyatsa moto m'denga anthu ali m'tulo. Ntchito imeneyi ipatseni munthu amene ali ndi chiphaso chovomerezeka. Zonsezi zikatha, lolani makoma aume, kenaka ndiye mubwere ndi pulasitala ndi penti. Amene amayamba ndi penti amapenta kaŵiri.

Pali chinthu china chimene amisiri ambiri a masiku ano sachidziŵa. Nyumba zambiri zakale njerwa zake zidamangidwa ndi dothi kapena laimu, osati simenti. Khoma lotere limamwa chinyontho m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe. Mukalikuta ndi simenti yolimba ndi penti ya mafuta, chinyontho chimasoŵa potulukira, chimakwera m'mwamba, ndipo njerwa zimafeŵa m'kati mwakachetechete. Pakapita zaka zoŵerengeka pulasitala amagwa zibenthuzibenthu atanyamula nkhope ya njerwa. Choncho khoma la laimu likonzedwe ndi laimu, ndipo timabowo ta mpweya timene amisiri akale adasiya m'munsi ndi m'mwamba mwa khoma tisatsekedwe. Musagwetsenso khoma la m'kati pofuna kukuza chipinda musanafunse katswiri, popeza mwina ndi limene lasenza denga. Kusintha kwakukulu kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo ngati nyumbayo ili m'gulu la nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, nthambi ya boma yoona za zinthu zakale iyenera kufunsidwa.

Amayi ndi abambo, pali zoopsa ziŵiri zokhudza moyo zimene tiyenera kuzitchula. Nyumba zambiri za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zidafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Malata ameneŵa akakhala athunthu savuta, koma akathyoka, akabooledwa kapena kuchekedwa amatulutsa fumbi limene limakhala m'mapapo n'kudzayambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, patapita zaka makumi angapo. Ochotsa malata otere awanyowetse kaye, awatsitse athunthu, avale zotchinga kukamwa ndi mphuno zoyenera, ndipo zidutswa zake ana asaseŵeretse. Chachiŵiri ndi penti yakale ya pa zitseko ndi mawindo, imene nthaŵi zambiri imakhala ndi mtovu. Fumbi lake limaononga ubongo wa ana aang'ono. Musaipale youma ana kapena mayi woyembekezera ali pafupi.

Nanga za ndalama? Mtengo weniweni wa nyumba yakale ndi ndalama yogulira, kuphatikiza ya loya ndi misonkho, kuphatikiza yokonzera, kuphatikizanso ina yapadera ya zinthu zimene zidzaoneke pokhapokha siling'i atatsitsidwa. Pa ndalama yokonzera, ikani pambali gawo limodzi mwa magawo asanu ndipo musalikhudze. Mitengo ya zipangizo siikhazikika: mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene adali pakati pa ntchito adaona mitengo ya simenti ndi malata ikukwera ntchito isanathe. Gwirizanani ndi mmisiri polemba, mumulipire gawo ndi gawo ntchito ikaoneka, ndipo zipangizo muzigula nokha ndi kuziŵerenga. Ntchito ya padenga ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala. Ngati n'kotheka, konzani zipinda ziŵiri, khitchini ndi chimbudzi, muloŵemo, kuti ndalama ya lendi ija iziloŵa m'makoma anuanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pomaliza, inu a pabanja, khalani pansi mugwirizane musanasainire chilichonse, ndipo ngati nonse mwaikapo thukuta, maina a nonse aŵiri alembedwe pa chikalata cha nyumbayo. Kukhala m'fumbi kwa chaka chathunthu, kuphika panja ndi kudikira mmisiri amene sakubwera kumayesa chikondi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Nyumba imene yapirira dzinja kwa zaka 60 kapena 80 ikhoza kusunganso ana anu ndi adzukulu anu, malinga mukaigula mapepala ake ali oyera ndi kuitsekera njira zonse za madzi.