Namzeze Wacilendo: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi

A Wapampando, ndi anzanga aphunzitsi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, ndapemphedwa kulankhula za phunziro la zolengedwa, ndipo ndasankha mbalame imene mwana ali yense ayesa kuti aidziwa, ndiyo namzeze.

Anamzeze sali a mtundu umodzi ai. Uja aumba cisa ca dothi kunsi kwa denga la sukulu, wa mizeremizere pacifuwa, ndi wa kuno kwathu ku Africa. Koma alipo wina amene afika m'mwezi wa October, mvula ili pafupi, nacoka m'April. Ameneyu ndiye mlendo wocokera ku Ulaya ndi ku Asia. Kuno samanga cisa konse, pakuti mazira aikira kwao. Kwa ife adzera cakudya, pothawa cisanu cimene cimaliza tizilombo touluka.

Pomzindikira, ana ayambe kupenya pakhosi. Pamphumi ndi pakhosi pace mpofiira ngati katondo, ndipo pansi pa kufiirako pali mzere wakuda wopingasa cifuwa monga mkanda. Mimba njoyera, msana wakuda wonyezimira, mcira wa mphanda. Koma mcira ungakunyengeni, popeza ali kuno athothoka nthenga namera zatsopano, ndiponso ana a mbalameyi ngotumbuluka pakhosi. Muwapeza atandandalika pa mawaya a m'mbali mwa mseu, kapena alikuwakha inswa mvula itakata. Madzulo agona m'mabango a kudambo ali cikhamu.

Makolo athu anaona kufika kwace, koma kumene acokera kunadziwika ndi mphete. M'caka ca 1911 namzeze wina anabvekedwa kamphete kumwendo ku Staffordshire, m'dziko la England, ndipo mu December 1912 anapezeka ku Natal. Taganizani, kambalame kolemera ngati magalamu 20 okha, kuoloka nyanja ndi cipululu ca Sahara!

Tsono pempho langa ndi ili. Kalasi iri yonse ikhale ndi kabuku kolembamo tsiku limene namzeze wacilendo waoneka koyamba, ndi tsiku lotsiriza. Anyamata a malegeni muwapatse nchito imeneyi, pakuti maso ao ngakuthwa kuposa athu. Mwana akatola mbalame yakufa yokhala ndi mphete, asaitaye. Abwere nayo kwa inu, mulembe nambala, tsiku ndi mudzi, nimutumize ku keyala yolembedwa pamphetepo.