ZA MAPEPALA AMENE BOMA LIIMAPO

Inu mafumu, ndi akulu, ndi amai nonse amene mwasonkhana pano m'mbali mwa nyanja: pa tsiku la chikumbutso anthu aturutsa mabuku akale m'mabokosi, nawasansa pfumbi, nawerenga maina a iwo amene anayamba nchito. Tsono mundilole ndinene za mapepala ena akale, ndiwo amene boma la dziko lino linaimapo. Pakuti ife a kuno tinalawa mphamvu yao koposa ambiri.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga pa mtsinje wa Shire, popenyana ndi mudzi wa Mponda, ndipo malo ano anatchedwa Fort Johnston. Mu 1907 kalata yolembedwa ku London inatcha dziko lonse Nyasaland, niikhazika bwalo lopanga malamulo ku Zomba. Palibe msodzi kapena mfumu ya kuno amene anafunsidwa, ndipo m'bwalomo munalibe munthu wakuda kufikira 1949; wotinenera poyamba anali Dr Hetherwick wa ku Blantyre. Mwina anatinenera bwino, koma mwini nthenda ndiye adziwa popweteka. Mu 1956 Henry Masauko Chipembere, amene kwao ndi ku Malindi, analowa m'bwalomo, nalankhula mosaopa.

Ufulu unadza pa 6 July 1964, pamodzi ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko. Koma isanathe miyezi itatu nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Ndipo mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake anathira nkhondo pa boma la Fort Johnston, nalunjika ku Zomba, nabwerera pa dooko la Liwonde. Malamulo a 1966 analola chipani chimodzi chokha, ndipo atasinthidwa, mu 1971 mtsogoleri anakhala wa moyo wake wonse. Chaka chomwecho anthu a mudzi wa Moto, amuna ndi akazi, anatengedwa natsekeredwa popanda woweruza kumva mlandu wao. Taonani, zonsezi sizinachitike mobisa ai. Pepala linalola kumanga munthu wosamuweruza, ndipo omangawo anati asunga lamulo.

Chifukwa chake musanene kuti malamulo oipawo ngoyenera kutayidwa ku moto. Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 June 1993, malamulo a 1994 anagawa ulamuliro patatu, ndiwo mtsogoleri ndi nduna zake, Nyumba ya Malamulo, ndi mabwalo a milandu, kuti wina aletse mnzake. Anatinso womangidwa aonekere kubwalo asanathe maora 48, ndi kuti mtsogoleri asapitirire zigawo ziwiri zotsatizana za zaka zisanu. Mwana wosadziwa za 1966 adzayesa mau awa achabe, nadzalola msanga kuti afafanizidwe. Koma wa ku Moto adziwa mtengo wa maora 48 amenewo. Mu 2002 ena anayesa kuchotsa malire a zigawo aja, ndipo Nyumba ya Malamulo sinawapatse mavoti okwanira. Mu February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha mtsogoleri cha 2019, ataima pa pepala lomwelo.

Mapepala akale a boma asungidwa ku Zomba, m'nyumba yosungira mbiri ya dziko, ndipo wofuna angathe kupita kukawapempha. Koma ambiri a zaka zoyamba, a masiku a Mponda ndi Makanjira, sadzawapezako. Pakuti moto unanyeketsa maofesi a boma ku Zomba mu 1919.