NCHITO ZA PA NYENGO MU LUSAKA: MAU KWA ALIMI NDI ANA AO

Nkhani yokambidwa kwa mabanja a m'midzi

Nkhani ya lero ikunena za mtundu wina wa nchito umene umaoneka mu Lusaka pa nyengo zina za caka. Iyi ndi nchito yotsogolera ana osauka a m'tauni kunja kwa mzinda: kupita nao kuchire, kugona nao m'misasa, kuwaonetsa nyama ndi mitengo, ndi kubzala nao mbande. Mbiri ya nchito zotere imafika ndi kumidzi komwe, ndipo mnyamata akaimva amayamba kuumiriza makolo ace kuti agulitse mbuzi apeze ndalama ya basi. Tsono nkoyenera kuti makolo adziwe bwino nchitoyi, kuti azindikire nthawi yobvomera ndi nthawi yokana.

ANA AMENE SANAONEPO CHIRE

Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Lusaka anapitirira 2 miliyoni. Mzindawu sunamangidwe mofanana. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene anthu amati kumayadi, kale kunali kwa Azungu. Nyumba ziri ndi mabwalo akulu, mitengo ya mthunzi ndi udzu wothirira. Ku Kabwata kunamangidwa nyumba za anchito acikuda, ndipo zina za nyumba zozungulira zofolera udzu za masiku amenewo zikali kuoneka pa Kabwata Cultural Village. Chelstone ali kum'mawa, pa mseu waukulu umene mabasi ocokera ku Chipata amalowera. Pambali pa malo amenewa pali makomboni, monga Mtendere, Kalingalinga, Bauleni, Misisi ndi Kanyama, kumene nyumba ziri zothinana ndipo mabwalo osewerera ana ndi ocepa. Pakati pa mzinda, ca ku Cairo Road ndi m'misika, palinso ana amene amagona m'misewu.

Mwana wa m'komboni akhoza kukula kufikira usinkhu wa sukulu ya sekondale asanaonepo mbidzi kapena nyamalikiti, ngakhale kuti nyamazo ziri pafupi ndi kwao. Makala amene amai ace amaphikira amawadziwa ali m'thumba, koma mtengo umene anacokera saudziwa. Cosowa ndico ndalama ya ulendo ndi munthu wamkulu womutenga. Ndico cifukwa cace masukulu, mipingo, magulu a Scouts ndi Guides, ndi mabungwe osamala ana amakonza maulendo ndi misasa.

KUMENE ANAWA AMAPITA

Bungwe lakale pa nchito imeneyi ndi Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, limene linayamba mu 1953 ndi dzina lina. Mu 1972 linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulaimale, ndipo mu 1978 linayamba pologalamu ya pa wailesi yochedwa Chongololo Club of the Air, imene makolo ambiri a lero anaimva ali ana. Makalabu amenewa amatsogoleredwa ndi aphunzitsi odzipereka.

Kum'mwera kwa mzinda, ku Chilanga, kuli Munda Wanga, umene unayambidwa ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950 monga munda wa mitengo ndi maluwa. Kum'mwera ca kum'mawa kuli Lusaka National Park, nkhalango ya mahekitala oposa 6,000, imene inatsegulidwa kwa anthu mu 2015. Mu 2022 bungwe la Game Rangers International linasamutsira m'nkhalangoyi malo ace olerera ana a njobvu amasiye, amene kale anali ku Lilayi, ndipo linatsegulanso nyumba yophunzitsiramo ana yochedwa Wildlife Discovery Centre. Njobvuzo zikakula zimatengedwa kupita ku Kafue National Park kuti zizolowere moyo wa kuchire.

Pano mpofunika kumvetsa. Nchito zokhazikika m'malo otere zimagwiridwa ndi anthu amene anaziphunzira, ndipo siziri zambiri. Nchito ya pa nyengo imaoneka pamene gulu lina lasonkhanitsa ana ambiri pa masiku owerengeka, nilisowa anthu othandiza: wophika, womanga mahema, woyang'anira kagulu ka ana, wotunga madzi, wosamala mbande. Msasa ukatha, nchito yatha.

CIMENE MWANA WA KUMUDZI ALI NACO

Mnyamata kapena mtsikana wa kumudzi asadziyese wopepuka pa nchito iyi. Iye amasiyanitsa msuku ndi muula, mlombwa ndi mbawa. Amadziwa kusonkha moto ndi nkhuni zocepa, kuphikira anthu ambiri nsima osaipsereza, kuzindikira mapazi a nyama, ndi kupewa malo obisalamo njoka. Amadziwa kuti mbande imaokedwa madzulo kapena tsiku la mitambo, ndi kuti dothi la pamwamba ndilo liyenera kubwerera pansi m'dzenje. Cinyanja cimene amalankhula cimamveka kwa ana ambiri a mu Lusaka. Nzeru zimenezi anazipeza pobusa ng'ombe ndi pothandiza m'dimba, ndipo mnzace wokulira m'tauni kawirikawiri alibe.

Koma otsogolera misasa amafunanso zina. Amafuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba, womva Cingerezi pang'ono, wosamwa mowa pa nchito, ndi wodziwa cithandizo coyamba ca munthu wobvulala. Amafunsa citupa ca Boma, cimene ambiri amacicha reji, cimene munthu amatenga akakwana zaka 16. Ena amafunsanso kalata ya mphunzitsi wamkulu, ya mbusa kapena ya mfumu, ndi kalata ya kupolisi yoonetsa kuti munthuyo alibe mlandu. Zonsezi ziyenera kukonzedwa munthu asanakwere basi.

NYENGO ZITATU

Nchito imeneyi imatsata chuthi ca masukulu, ndipo masukulu a Boma amatseka katatu pa caka, pafupifupi mwezi umodzi nthawi iri yonse. Mlimi ayenera kuika miyezi imeneyi pambali pa miyezi ya kumunda ndi kuiyerekeza.

Chuthi coyamba cimayamba mu Epulo ndi kulowa mu Meyi. Nthawi imeneyi mvula yaleka, nsawawa ndi soya zakhwima, ndipo cimanga ciri kuuma. Nsawawa zikacedwa kukumbidwa nthaka imalimba ndipo zambiri zimatsalira pansi. Soya akacedwa makoko amaphulika, mbeu nkumwazika. Banja la manja ambiri likhoza kumasula mwana mmodzi, koma la manja ocepa liganize kawiri.

Chuthi caciwiri ndi ca mu Ogasiti. Iyi ndiyo nyengo yabwino koposa. Dzinthu ziri m'nkhokwe, zogulitsa zambiri zapita kumsika, mvula kulibe, udzu wauma kotero kuti nyama zimaoneka patali, ndipo udzudzu wacepa. Mnyamata akhoza kupita, kugwira nchito masabata atatu kapena anai, ndi kubwerera mu Seputembala nthawi ikalipo yokumba maenje a m'munda, kututa manyowa ndi kufolera nyumba. Atenge bulangeti, pakuti usiku wa Lusaka umazizira ndipo mwezi umenewu ngwa mphepo ndi pfumbi.

Chuthi cacitatu ndi ca mu Disembala kulowa mu Januwale, ndipo ici ndico coopsa kwa banja la mlimi. Nyengo ya dziko yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo pamenepo masukulu, mipingo ndi makampani amafuna manja okumba maenje ndi onyamula mbande. Kotero mau oitana amamveka kwambiri m'mwezi womwewo umene munda ufuna munthu ali yense. Cimanga cibzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira, kuyambira pakati pa Novembala. Masabata asanu ndi limodzi oyamba ndiwo amene udzu umalanda cimanga cakudya ndi madzi, ndipo feteleza wa pamwamba afunika cimanga cikafika m'maondo. Akale anati m'mera mpoyamba. Munda umene wagwidwa ndi udzu mu Disembala subwezeka ndi khasu la mu Febuluwale.

Dziko lino linaona mu 2024 cimene nkhokwe yopanda kanthu itanthauza, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. Cilala siciri m'manja mwa munthu, koma kupalira kuli m'manja mwace. Kholo lifanizire ndalama imene mwana adzabwera nayo ndi matumba a cimanga amene adzatayika iye atacoka, ndiponso ndi ndalama ya aganyu olowa m'malo mwace. Kawirikawiri likawerenga bwino lidzapeza kuti khasu lapambana.

MALIPIRO NDI MTENGO WA ULENDO

Nchito zambiri za mtundu uwu nza kudzipereka. Wogwira amalandira cakudya, pogona ndi kandalama ka mayendedwe, osati malipiro a mwezi. Zimenezi siziri zoipa ngati munthu anauzidwa poyera asananyamuke. Coipa ndico kupita ndi ciyembekezo ca malipiro cimene palibe amene analonjeza. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550, ndipo ulendo uli pawiri, kupita ndi kubwera. M'tauni madzi, makala, ndiwo ndi minibasi zonse zifuna ndalama, ndipo wacibale wa ku Chelstone kapena ku Kabwata amene walandira mlendo ali ndi banja lace loliyang'anira.

Cifukwa cace, mwana asananyamuke, mafunso awa ayankhidwe. Dzina la bungwe ndani, ndipo ofesi yace iri kuti? Nchito iyamba tsiku liti ndi kutha tsiku liti? Kodi pali malipiro, ndipo ndi angati? Adzagona kuti, ndipo ndani adzalipira ulendo wobwerera? Mayankho akhale olembedwa, ndipo wacibale wa m'tauni apite yekha akaone ofesiyo ndi maso. Lamulo la anchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, limazindikira nchito ya pa nyengo, ndipo wogwira nchito yolipidwa amene wamanidwa malipiro ace akhoza kudandaula ku ofesi ya Boma yoona za anchito.

Makolo acenjerenso ndi anthu a pa foni amene amati, tumizani ndalama yolembetsera kuti mwana wanu asungiridwe malo. Munthu wofuna wanchito salipiritsa wanchitoyo. Ndipo mtsikana asaperekedwe kwa mlendo wosadziwika amene wangoti adzamufikitsa, pakuti ena acoka kwao ndi lonjezo la nchito yabwino nakathera m'nyumba za eni monga anchito osalipidwa.

KUSUNGA ANA A ENI

Amene walandiridwa pa nchito akumbukire kuti wapatsidwa ana a anthu ena, ndipo ena a iwo ndi amasiye kapena anaona zowawa m'misewu. Lamulo la ana la 2022, lochedwa Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana ndi mkwapulo, kotero cizolowezi ca kubusa cisiyidwe kumudzi. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pobisika. Ana awerengedwe pokwera galimoto, potsika, ndi pogona. Asaloledwe kusamba m'madamu ndi m'maenje a miyala, pakuti mwana wa m'tauni kawirikawiri sadziwa kusambira.

Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini, cimbudzi cikumbidwe kutali ndi pophikira, ndipo manja asambidwe ndi sopo. Kolera imene inabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2023 inapha anthu ambiri ndi kucedwetsa masukulu kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale 2024. Munthu akaona mwana akuzunzidwa, auze wotsogolera msasa kapena aimbe nambala yaulere ya ana, 116.

NCHITO YOMWEYI KUMUDZI

Phindu lalikulu la nchitoyi ndilo cizolowezi ndi kalata ya umboni imene munthu amabwera nayo. Izi zikhoza kumuthandiza pofunsira maphunziro a luso, amene kuyambira 2022 thumba la Constituency Development Fund limalipirira acinyamata ena kudzera m'makomiti a m'mawadi ao.

Ndiponso sikofunika kuti onse apite ku Lusaka. Ku Mfuwe kuli Chipembele Wildlife Education Trust, imene imaphunzitsa ana a m'midzi yozungulira nkhalango ya South Luangwa. Sukulu ya kumudzi ikhoza kukhala ndi kalabu yace ya Chongololo ngati mphunzitsi apeza omuthandiza. Mnyamata wobwera kumsasa mu Seputembala akhoza kusonkhanitsa ana a m'mudzi, kutola nao mbeu za msangu, kudzaza timatumba ndi dothi losakaniza ndi manyowa, ndi kuthirira kufikira mvula itakhazikika. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, kotero suphimba cimanga, ndipo umanonetsa nthaka. Mbande zimenezo zidzaokedwa m'minda ya makolo ao, mnyamatayo ali pakhomo ndi khasu lace.

Tsono banja likakhala pansi kukambirana nkhaniyi, likumbukire zitatu. Mwana apite mu Ogasiti, dzinthu ziri m'nkhokwe. Apite ndi mau olembedwa ndi ndalama yobwerera iri m'thumba. Ndipo mvula yoyamba imupeze ali kwao. Alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi mafumu akupemphedwa kuwerengera nkhaniyi anthu amene sadziwa kuwerenga.