KODI CITHUNZITHUNZI CIKATALIKITSIDWA CIMAKOMA KOPOSA?

Masiku ano anthu okonda baisikopo azolowera kuona zithunzithunzi zakale ziri kubweranso kaciwiri zitabvala dzina latsopano. Ogulitsa amalemba kuti ici ndi cotalikitsidwa, kapena kuti mbali zimene zinadulidwa kale zabwezedwamo, ndipo munthu amene anacionera kale amaturutsanso ndarama zace, nataya usiku wonse, poyesa kuti adzalandira zoposa zija analandira poyamba. Zimenezi zimacitika kawirikawiri ndi zithunzithunzi za acifwamba ndi ambanda, pakuti ndizo zimene anthu satopa nazo. Tsono funso ndi ili: kodi cithunzithunzi cikatalika, ndiye kuti cakoma koposa?

Akuruakuru a ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira angayankhe msanga, cifukwa iwo adziwa cimene lumo limacita. M'zaka za m'ma 1950 zithunzithunzi zoonetsedwa m'makomponi a migodi zinkayamba zapita ku bungwe la Boma la atsamunda, ndipo bungwelo linkacotsa mbali zimene linaziyesa zosayenera maso a anthu akuda, monga akazi osabvala mokwanira ndi macitidwe a upandu amene linaopa kuti anthu angatengere. Cotsala cinali nkhani yoduka msana, ndipo pamwamba pa izo Cingerezi ca ku America cinali cobvuta kumva. Oonera ankangochula ngwazi ya pa kavalo kuti Jack, nakondwera ndi nkhonya zace. Munthu amene anakula ndi zithunzithunzi zotere sakaika kuti kubwezera codulidwa ndi cinthu cabwino. Ali ndi cifukwa cace, koma nkhani siithera pamenepo.

Pojambula cithunzithunzi, amisiri amajambula zambiri koposa zimene zidzaonekera pa nsaru. Pambuyo pace mwini nkhani amakhala pansi miyezi yambiri ndi munthu wodula ndi kulumikiza, nasankha cotsala ndi cotayidwa, ndiponso cimene cidzayamba ndi cimene cidzatsiriza. Amuna a ku migodi adziwa kuti si mwala uli wonse woturuka pansi umene umakhala mkuwa. Adziwanso kuti pa mulu wakuda wa ku Nkana patsala cuma cimene anthu abwerera kukacifuna. Zidutswa zotayidwa za cithunzithunzi ziri ngati mulu umenewo: muli zabwino ndithu, koma munthu ayenera kufunsa kuti anazitaya ndani, ndipo anazitayiranji.

Mlandu woonekeratu ndi wa cithunzithunzi cochedwa Once Upon a Time in America, cimene Sergio Leone wa ku Italy anacitsiriza m'caka ca 1984. Ndi nkhani ya anyamata aciyuda a mu mzinda wa New York amene anakula nasanduka acifwamba pa nthawi imene mowa unali woletsedwa m'dziko la America. Mmodzi wa iwo, Noodles, amene mbali yace anaisewera Robert De Niro, anakanena anzace kwa apolisi m'caka ca 1933 pofuna kupulumutsa bwenzi lace Max ku ciwembu ca misala, koma anamva kuti onse atatu aphedwa. Anathawa, nakhala zaka 35 ali kusenza mlandu mumtima, kufikira kalata inamuitana kubwerera m'caka ca 1968. Leone sanayale nkhaniyi motsata zaka. Cakumayambiriro inaonetsa munthu wogona m'nyumba yosutiramo mankhwala oledzeretsa, lamya iri kulira kosalekeza m'mutu mwace, ndipo kucokera pamenepo inalumpha kunka ku ukalamba, nibwerera ku ubwana, monga momwe mtima wa munthu wodzitsutsa umayendera usiku tulo tikasowa.

Ku Cannes, m'dziko la France, cinaonetsedwa cathunthu, mphindi 229. Koma eni ndarama a ku America anaopa kuti anthu sadzakhala pansi maora pafupifupi anai. Anacidula kufikira mphindi 139, Leone asanabvomere, ndipo coipa coposa, anayala zonse motsata zaka, ubwana poyamba, ukalamba potsiriza. Nkhani ya cikumbumtima inasanduka mndandanda wa milandu, ndipo anthu ena ankaoneka pa nsaru osadziwika kumene acokera. Olemba m'manyuzi anacinyoza, anthu sanapite kukacionera, ndipo ndarama zimene eni ace anafuna kupulumutsa zinatayika. Pamene ca mphindi 229 cinafika kwa anthu omwewo pambuyo pace, ambiri anasintha mau ao nacichula cimodzi ca zithunzithunzi zazikuru za zaka zimenezo. Leone anamwalira m'caka ca 1989 asanapange cina. Apa palibe cokangana: cacitali ndico cabwino, cifukwa ndico cimene mwini anacipanga, ndipo cacifupi cinali nyama yodulidwa ndi munthu wosadziwa pamene pali mfundo.

Komatu cithunzithunzi comweco cinatalikitsidwanso m'caka ca 2012, kufikira mphindi 251, ndipo apa nkhani isintha. Mphindi 22 zoonjezedwazo ndi zina za zimene Leone anazicotsa ndi dzanja lace iye mwini asanapite ku Cannes. Zinapezeka zitafwifwa, kotero kuti diso limaona msanga pamene cigamba cayambira ndi pamene cathera, monga malaya atsopano osokedwa ndi nsaru yakale. Mwa izo muli mbali ina ya ku manda, m'mene Louise Fletcher asewera mkazi woyang'anira malowo. Wophunzira za baisikopo adzakondwera kuziona, pakuti zimaonetsa m'mene mmisiri anaganizira. Koma palibe cimodzi mwa izo cimene cimalemeretsa cisoni ca Noodles koposa m'mene cinalemerera kale, ndipo zina zimalongosola zinthu zimene zinali ndi mphamvu pokhala zobisika.

Cifukwa cace ndi ici. Nkhani ya upandu imakhala ndi moyo cifukwa ca zimene ibisa, ndi nthawi imene iziulula. Agogo osimba nthano madzulo adziwa kuti akanena msanga cimene Kalulu wabisa m'thumba, ana adzagona nthano isanathe. Tsono kutalikitsa nkhani yotere kuli ndi ngozi ziwiri: kuulula zambiri, ndi kusokoneza malo a zinthu. Ngozi yaciwiriyi ndiyo yaikuru, ndipo ingagwere ngakhale mwini nkhani.

Umboni wace ndi The Godfather, ca Francis Ford Coppola, ca m'caka ca 1972, ndi cinzace cotsatira ca m'caka ca 1974. Zonse ziwiri zinalandira mphotho ya Oscar ya cithunzithunzi copambana ca caka. Caciwirico cimasimba nkhani ziwiri pamodzi, mosinthanasinthana. Ina ndi ya Vito Corleone, mwana wamasiye wothawa ku Sicily m'caka ca 1901, amene analowa upandu mu New York ali mnyamata wosauka wa banja. Ina ndi ya mwana wace Michael, m'zaka za 1958 ndi 1959, wolemera ndi woopedwa, amene pofuna kusunga banja analiononga, kufikira analamula kuti mbale wace Fredo aphedwe. Mphamvu yonse iri m'kuyandikana kwa awiriwo. Woonera amaona Vito atapha Fanucci, wozunza anthu a m'dera lace, ali kubwerera nakhala pa khomo, nanyamula khanda lace Michael. Ndipo woonerayo adziwa kale cimene khandalo lidzakhala, pakuti wangoliona liri munthu wamkuru wouma mtima. Palibe mau amene anenedwa pa zimenezi. Cisoni cimacokera m'kulumikiza kokhako.

M'caka ca 1977 Coppola, posowa ndarama zotsirizira Apocalypse Now, analola kuti ziwirizo zilumikizidwe kukhala cimodzi ca pa wailesi ya kanema ya NBC, coonetsedwa masiku anai, maora oposa 7 pamodzi. Zonse zinayalidwa motsata zaka, kuyambira ku Sicily, ndipo mbali zambiri zotayidwa zinabwezedwa, cinkana zina za mwazi zinacepetsedwa cifukwa ca malamulo a wailesiyo. Zina mwa zobwezedwazo ndi zokoma ndithu. Pali mbali imene Vito wokalamba apita ndi ana ace ku cipatala kukaona Genco, phungu wace wakale ali pafupi kufa, ndipo wodwalayo ampempha kuti akhale naye kuti imfa imuope ndi kubwerera. Munthu sangaone zimenezo osakhudzidwa. Koma mtengo wolipira unali waukuru, pakuti tsopano pakati pa Vito wonyamula khanda ndi Michael wopha mbale wace pali maora ambiri, ndipo woonera akafika kwa mwana waiwala kale nkhope ya atate. Cinthu ciri conse cirimo, ndi zina zoonjezera, koma cimene cinali kupyoza mtima cacoka. Ndi ndiwo zothiridwa madzi: zikwanira anthu ambiri, koma mcere wathawa. Ndipo ndi cinthu coseketsa kuti pamene Coppola anakonzanso cacitatu ca mndandandawo m'caka ca 2020, sanacitalikitse, koma anacifupikitsa pang'ono.

Wina angaganize tsono kuti lamulo ndi lakuti coyamba kuonetsedwa ndico cabwino nthawi zonse. Iai. Touch of Evil, ca Orson Welles, nkhani ya mkuru wa apolisi wonamizira anthu milandu pa malire a Mexico ndi America, cinaturuka m'caka ca 1958 citakonzedwa ndi kampani ya Universal iye atacotsedwa pa nchitoyo. Welles analemba kalata ya masamba 58 yopempha kuti zinthu zikonzedwe, koma zambiri sizinamveredwe. Anamwalira m'caka ca 1985. M'caka ca 1998 Walter Murch anatenga kalata ija naitsata, ndipo cithunzithunzi cinafika mphindi 111. Koma cokoma copambana m'kukonzako cinali kucotsa. Poyambirira munthu abisa bomba m'galimoto, ndipo kamera itsata galimotoyo m'miseu mphindi zoposa 3 osaduka. Kampani inali italemba maina a osewera pamwamba pa zonsezo, nithirapo nyimbo. Murch anacotsa mainawo ndi nyimboyo, nasiya phokoso la m'miseu ndi nyimbo zoturuka m'mabara monga Welles anafunira, ndipo woonera tsopano alibe comcotsa maso pa galimoto imene adziwa kuti iphulika.

Ngakhale pamenepo pali cocenjera naco. Murch anali ndi kalata ya mwini m'manja mwace, ndipo sanadzitame kuti wapanga cimene Welles akadapanga. Anangotsata zimene zinalembedwa. Ogulitsa ambiri alibe kalata yotere. Amalemba dzina la munthu wakufa pa cinthu cimene iye sanacione, ndipo wakufa sangathe kukana.

Pali mlandu winanso wosonyeza kuti kulongosola sikupambana nthawi zonse. The Big Sleep, ca Howard Hawks, cinali citatha m'caka ca 1945, koma cisanaturuke kwa anthu onse m'caka ca 1946 anajambula mbali zatsopano za Humphrey Bogart ndi Lauren Bacall, nacotsa mbali ina ya mu ofesi ya woimba milandu wa Boma imene inalongosola za imfa zocitika m'nkhanimo. Ca 1945 cija cinaonetsedwanso m'caka ca 1997. Ndi comveka bwino koposa, ndipo wofuna kudziwa wopha ndi wophedwa adzathandizidwa naco. Koma cimene anthu ambiri amabwerera kukacionera ndi ca 1946, cosokoneza mutu cija, cifukwa ca m'mene mwamuna ndi mkaziyo amayankhulirana ali pa tebulo.