Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Matenda a Khate

Ulemu wapadera upite kwa inu agogo athu mwakhala kutsogoloku, amene munadwala khate n'kuchira.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti ku Utale, Mua, Malamulo, Likwenu ndi Kochirira kunali midzi ya odwala khate okhaokha. Munthu akaoneka ndi mawanga, abale ankamuperekeza kumeneko, ndipo ambiri sanabwererenso kwawo. Analima komweko, kukwatira komweko, kuikidwanso komweko. Masisitere ndi madokotala amene ankatsuka zilonda zimene abale enieni ankazithawa tiyenera kuwathokoza. Koma mankhwala amene anali nawo poyamba anali mafuta a chaulmoogra, jakisoni wopweteka kwambiri, wobayidwa mobwerezabwereza kwa zaka, ndipo ochira anali ochepa. Zala zinkapitirira kuduka, maso n'kumafa.

Zinthu zinayamba kusintha mankhwala a dapsone atabwera m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ngakhale kuti wodwala ankamwa kwa zaka zambiri, ena moyo wonse. M'ma 1960 a bungwe la LEPRA anayamba kuwatsata odwala kumidzi kwawo, pa galimoto ndi pa njinga, m'malo mowasonkhanitsa malo amodzi. Mu 1981 bungwe la WHO linalangiza zophatikiza dapsone, rifampicin ndi clofazimine. Pofika 1994, Malawi anali atatsitsa chiwerengero cha odwala kufika posakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Chimene chinachiza khate ndi mankhwala, abale anga, osati kupatula anthu.

Komatu khate silinathe. Likupezekabe, ndipo chimene chimandiwawa n'choti ena amafika kuchipatala manja atapindika kale. Amabisala chifukwa amakumbukira zimene tinkawachita agogo awo: mbale yawoyawo, kanyumba kawokawo kunja kwa mudzi. Mankhwala ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 munthu ali pakhomo pake, ndipo akangoyamba kumwa sapatsiranso ena.

Mafumu anga, kauzeni anthu anu kuti khate si ufiti. Aliyense amene ali ndi banga lotuwa, loti ukalikhudza sumva kanthu, akaonane ndi alangizi a zaumoyo sabata ino. Ndipo amene anachira tizidya nawo mbale imodzi.